Mfuti ya Boma m'Komboni: Mbiri ya Apolisi a Zambia

Chinyanja chimene chimamveka lero pamsika wa Soweto, m'minibasi za ku Kanyama ndi pa tuntemba ta ku Chawama chinafala mothandizidwa ndi apolisi. M'nthawi ya atsamunda, chimenechi ndicho chinali chilankhulo cha ntchito ya polisi ndi ya usilikali mu Northern Rhodesia monse. Mlozi, Mtonga kapena Mbemba akalembedwa ntchito ankachiphunzira, nawonso azungu owayang'anira ankachiphunzira. Magazini ya apolisi inkatchedwa Nkhwazi, ndipo timu yawo ya mpira mpaka lero ndi Nkwazi. Choncho kapokola ndi munthu wa m'komboni akhala akumvana mawu chiyambire mzinda wa Lusaka. Pamene sanamvanepo ndi pa nkhani ya mfuti: iombedwe liti, kwa yani, ndipo ikapha munthu ayankhe ndani.

Bungwe la apolisi silinabadwe kuti lizigwira akuba. Linabadwa m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, imene inkalamulira dziko ili m'zigawo ziwiri. Kum'mawa, komwe likulu linali Fort Jameson, Chipata wa leroyu, kunali North-Eastern Rhodesia Constabulary. Kumadzulo kunali Barotse Native Police. Zigawo ziwirizi zitaphatikizidwa mu 1911, magulu awiriwa nawo anaphatikizidwa n'kukhala Northern Rhodesia Police. Anali apolisi dzina lokha. Kavalidwe, perete ndi zida zinali za asilikali, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anakamenyana ndi Ajeremani kumalire a kumpoto. Kumudzi ankadziwika ndi kuperekeza bwana DC pa ulendo wa msonkho. Panali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 pamene gawo la usilikali linapatulidwa n'kukhala Northern Rhodesia Regiment, otsalawo n'kukhala apolisi wamba.

Apolisi wambawo sanachedwe kuonetsa kumene anachokera. Mu Meyi 1935 ogwira ntchito m'migodi ananyanyala ntchito chifukwa cha kukwera kwa msonkho. Pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya apolisi anaombera khamu, anthu 6 n'kufa. Mu 1940 ku Nkana kunachitikanso sitalaka, ulendo uno asilikali ndiwo anaomba, ndipo anafa anthu 17. Phunziro limene boma linatolapo pa zipolowe za m'migodi silinali lochepetsa mfuti. Mu 1949 linakhazikitsa gulu lothana ndi zipolowe, Mobile Unit, limene kwawo kwenikweni kunadzakhala ku Kamfinsa pafupi ndi Kitwe. Mu 1955 sukulu ya apolisi inatsegulidwa ku Lilayi, kummwera kwa Lusaka, ndipo chaka chomwecho panakhazikitsidwa lamulo la misonkhano ndi zionetsero limene tonse timalidziwa ndi dzina lakuti Public Order Act.

Chaka cha kuombera kwa ku Luanshya ndi chaka chomwe likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Mzindawu unakonzedwera azungu, wa misewu yotakata ndi mitengo ya maluwa pamtunda wa Ridgeway. Munthu wakuda ankaonedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa m'thumba, woti ntchito ikatha abwerere kwawo. Matero anamangidwa ndi boma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale antchito ovomerezeka. Osavomerezeka, omwe anali ochuluka, anamanga zisakasa pa minda ndi pa zikuku za njerwa za azungu, akulipira lendi kwa mwini malo. N'chifukwa chake makomboni ambiri ali ndi mayina a anthu: John Howard, John Laing, ndi George amene anatenga dzina la Mgiriki George Hadjipetrou. Chawama poyamba ankatchedwa Roberts. Wapolisi akalowa m'malo oterewa sankabwera kudzamva madandaulo. Ankabwera mbandakucha kudzafuna chitupa, lisiti la msonkho, ndi mbiya za mowa wa amayi. Chidziwitso choyamba cha komboni pa polisi chinali chimenecho, ndipo agogo ena a ku Matero akadachikumbukira.

Ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964, koma mfuti inali itayamba kale kulira m'manja mwa boma la anthu akuda. Mu Julayi ndi Ogasiti chaka chomwecho, a Kenneth Kaunda ali nduna yaikulu, apolisi ndi asilikali anathira nkhondo otsatira mpingo wa Lumpa wa mayi Alice Lenshina ku Chinsali ndi ku Lundazi. Chiwerengero cha boma chomwe chinati anafa anthu oposa 700. Lamulo la nthawi ya ngozi limene linalengezedwa pa nkhaniyo, lopatsa boma mphamvu yotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, silinachotsedwe mpaka 1991. Zaka 27! Wapolisi amene analowa ku Lilayi dziko likulandira ufulu anatha kugwira ntchito mpaka imvi asanalaweko tsiku limodzi lopanda lamulo limeneli.

Nkhope zinasintha msanga. Mu 1965 a Michael Mataka anakhala Mzambia woyamba kutsogolera apolisi. Koma chaka chomwecho Ian Smith analanda ulamuliro ku Rhodesia, ndipo Zambia inakhala m'kamwa mwa nkhondo. Panabadwa gulu la paramilitary lolondera malire, milatho ndi malo ofunika. Kenaka kunabwera ulamuliro wa chipani chimodzi, UNIP. M'komboni, mphamvu inali kwa tcheyamani wa UNIP wa nthambi ndi wa chigawo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunabwera mavijilante, anyamata a chipani okhala ndi zibonga ndi mphamvu yogwira munthu. Lamulo la nyumba la 1974 linavomereza makomboni ena kuti ndi malo okhalamo anthu, ndipo ndalama za World Bank zinabweretsa mipope ndi misewu ku George ndi ku Chawama. Komabe m'maso mwa boma komboni inakhalabe malo ochokera mavuto.

Ufa ndiwo unaulula zimenezi. Mu Disembala 1986 mtengo wa ufa utakwera, ku migodi kunabuka zipolowe ndipo anafa anthu osachepera 15. Mu Juni 1990 mtengo unakweranso kuposa kawiri. Ophunzira a pa University of Zambia (UNZA) anatuluka, anthu a m'makomboni oyandikana nawo monga Kalingalinga ndi Mtendere anawatsatira, ndipo moto unafalikira mzinda wonse. M'masiku ochepa anafa anthu oposa 20, ambiri a iwo ndi zipolopolo za boma. Sabata yomweyo msilikali Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, anthu n'kuvina m'misewu kwa maola ochepa asanadziwe kuti zalephereka. Chaka chotsatira a Kaunda anagonja pa chisankho.

Boma la a Frederick Chiluba linapeza polisi imene anthu ankaiopa koma osaikhulupirira, ndipo apa ndi pamene panayambira ntchito yosintha dzina ndi khalidwe. Komiti ya a Bruce Munyama inazungulira dziko kumva maumboni a anthu amene anazunzidwa m'zitokosi. Pansi pa mkulu wa apolisi a Francis Ndhlovu kunabwera ndondomeko yokonza polisi, ndipo mawu akuti Force anayamba kusiyidwa, m'malo mwake n'kumati Service. Kunabadwa Victim Support Unit (VSU), nthambi yothandiza amayi, ana ndi amasiye olandidwa katundu. Mu 1996 khoti lalikulu la apilo, pa mlandu wa mayi Christine Mulundika ndi anzawo, linagamula kuti kupempha chilolezo kwa apolisi musanasonkhane n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Human Rights Commission inayamba ntchito mu 1997. Lamulo la apolisi litakonzedwa mu 1999, panakhazikitsidwa bungwe lolandira madandaulo a anthu pa apolisi, limene mu 2016 linasanduka Police Public Complaints Commission.

Tisanyoze zonsezi. Mayi wa ku Kanyama amene achibale a malemu mwamuna wake abwera kudzanyamula mipando ndi malata amadziwa chitseko choti agogode, ndipo nthawi zambiri chimatseguka. VSU ndi mbali ya polisi imene komboni inailandira ndi manja awiri. Koma kukonzaku kunathera pakhomo pa nyumba yosungira zida. Pa 23 Ogasiti 1997 ku Kabwe apolisi anaombera galimoto mmene munali a Kaunda ndi loya a Rodger Chongwe, ndipo a Chongwe anavulala kwambiri. Miyezi iwiri pambuyo pake msilikali wotchedwa Captain Solo atalephera kulanda boma, ogwidwa anaikidwa pa kampelwa, kumangidwa manja ndi miyendo n'kulendeweretsedwa pa chitsulo pakati pa matebulo awiri, ndipo komiti ya jaji Japhet Banda inatsimikiza kuti anthu anazunzidwadi. Ngati zinatheka kwa mtsogoleri wakale wa dziko ndi kwa loya wodziwika, mnyamata wa ngolo pamsika ayembekezere chiyani? Mpaka lero likulu la apolisi ku Ridgeway anthu amangoti ku Force.

Tsono mkangano wa m'komboni si wapafupi monga amauonera a m'maofesi. Khalani pamaliro ku George kapena pamzere wa madzi ku Kanyama, mudzamva mbali ziwiri zikutuluka pakamwa pa munthu mmodzi. Amayi opita ku Soweto 4 koloko m'mawa kukaoda ndiwo amayenda m'magulu poopa majanki, anyamata oledzera mankhwala amene amatchinga tinjira ndi zikwanje. Atsikana ogwira ntchito m'tinyumba totumizira ndalama pafoni amatseka dzuwa lisanalowe. Anthu oterewa akamva kuti a C5, gulu lolimbana ndi mbava za mfuti, agwetsa anthu anayi usiku, ambiri amati zakhala bwino, atipumitsa. Amati wogwidwa lero mawa umakumana naye pa siteshoni ya basi akukuloza chala, ndiye kuli bwino athere pomwepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo sindingamuweruze munthu amene analandidwapo mpamba wake wonse ataikidwa mpeni pakhosi.

Koma mvetserani bwino chimene akunena. Sakunena kuti amakhulupirira polisi. Akunena kuti sakhulupirira chitokosi, dokete ndi khoti, ndipo chipolopolo chokha ndicho sichilandira nchekelako. Munthu yemweyo mawa adzakuuzani kuti atapita kukanena za kubedwa anauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta, apeze yekha takisi yokagwirira wakubayo. Adzakuuzani kuti belo ya apolisi, imene zikwangwani zimati ndi yaulere, iye anaigula. Ndipo chikalata cha apolisi chikatuluka, mawu ake amakhala odziwika kale: oganiziridwa kuti ndi mbava anayamba kuombera, apolisi anabwezera, mitembo ili ku mochale ya chipatala cha UTH kudikira abale. Mwina n'zoona, pakuti mbava za mfuti zilipo ndipo apolisi nawo amafa pa ntchito. Mwina si zoona. Wakufa sachitira umboni, ndipo mbali imodzi yokha ndiyo imalankhula.

Pamene chikhulupiriro chatha, khamu limaweruza lokha. Kumayambiriro kwa 2016 ku George ndi madera ozungulira kunayamba kupezeka mitembo yodulidwa ziwalo. Masabata anapita anthu osaona chogwirika. Mu Epulo mphekesera inaloza kwa eni mashopu ochokera ku Rwanda, ndipo mashopu ambirimbiri anaphwasulidwa ku George, Zingalume, Matero, Chawama ndi kwina. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo onse anali Azambia. Boma linatumiza asilikali. Mu 2020 kunabwera mantha a kupopera mankhwala m'nyumba usiku, amene anayambira ku Chingola. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi makamu m'dziko lonse, ambiri chifukwa chongokhala achilendo pamalo, ndipo timapolisi ta m'madera ena tinaphwanyidwa anthu akufuna kuti awapatse ogwidwawo. M'chipwirikiti chimenecho, pa 13 Febuluwale, Frank Mugala, mwana wa sukulu wa zaka 14, anaomberedwa ndi apolisi ku Chazanga.

Pali mayina amene Lusaka sanaiwale. Pa 8 Julayi 2016 apolisi analetsa msonkhano wa UPND, chipani chotsutsa cha nthawiyo, ku Chawama. Otsatira chipani anayenda mumsewu, mfuti inalira, ndipo Mapenzi Chibulo wa zaka 22 anagwa. Bungwe loyendetsa chisankho linaimitsa kampeni mu Lusaka kwa masiku 10. Mu Okutobala 2018 ophunzira a pa UNZA akudandaula za ndalama za chakudya, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'zipinda zogona, chipinda china n'kuyaka, ndipo Vespers Shimuzhila, wa chaka chomaliza, anafa atabanika. Kafukufuku wa khoti anaika mlandu pa apolisi, boma linapepesa banja ndi K500,000, koma dzina la woponya utsiwo silinamveke. Ndalama yopepesera imachoka m'thumba la boma, kutanthauza msonkho wa mayi wogulitsa tomato ku Mtendere. Wolakwa sataya ngakhale ngwee imodzi.

Imfa imene inagwedeza bungwe lonse inachitika kutali ndi komboni, pakati pa maofesi a boma. Pa 23 Disembala 2020 a Hakainde Hichilema, ali mtsogoleri wotsutsa, anaitanidwa ku Force kukafunsidwa. Otsatira awo anawaperekeza. Apolisi pobalalitsa khamu anapha anthu awiri: Joseph Kaunda wa UPND, ndi Nsama Nsama Chipyoka, loya woimira boma pa milandu, amene anangotuluka mu ofesi kukagula chakudya. Apa zinthu zinayenda mwa liwiro limene Chawama sanalionepo. Pasanathe sabata a Edgar Lungu, mtsogoleri wa dziko nthawiyo, anachotsa achiwiri awiri a mkulu wa apolisi, a Bonny Kapeso ndi a Eugene Sibote, pamodzi ndi mkulu wa apolisi m'chigawo cha Lusaka a Nelson Phiri. Mu Febuluwale wotsatira konsitebo wina anamangidwa n'kuimbidwa mlandu wakupha. Human Rights Commission inati lamulo loombera linachokera kwa mkulu wa chigawo uja. Zikusonyeza kuti boma likafuna limatha kutsatira chipolopolo mpaka kupeza mfuti imene chinatulukamo ndi dzanja limene linaigwira. Anthu a m'komboni anaona, ndipo anafunsa funso losavuta: kodi wakufayo akanapanda kukhala loya wa boma?

Nanga lamulo likuti chiyani? Gawo 24 la lamulo la apolisi limalola mfuti pa munthu wa mlandu waukulu amene akuthawa m'manja mwa apolisi, pa wofuna kupulumutsa mnzake mwa mphamvu, ndi pa wokana kugwidwa mwa mphamvu. Limafuna kuti pakhale chenjezo, ndipo limati cholinga chikhale kufooketsa munthu, osati kumupha. Gawo 12 la malamulo aakulu limateteza moyo, koma pomwepo limatsegula zipata: kupha sikuwerengedwa kuphwanya ufuluwu ngati kunali koyenera poteteza munthu kapena katundu, pogwira munthu, poletsa wothawa, pothetsa zipolowe kapena poletsa mlandu. Onani mawu akuti katundu. Mfundo za United Nations zimene anagwirizana ku Havana mu 1990 zimati kuombera kofuna kupha kuloledwe pokhapokha palibiretu njira ina yopulumutsira moyo. Kwathu, mnyamata wothawa ndi wailesi angathe kugwa, lamulo n'kupeza pobisala. Gawo 12 silisinthidwa popanda riferendamu, ndipo ya mu Ogasiti 2016 inalephera chifukwa mavoti sanakwane.

Bungwe la madandaulo lija nalo lili ndi mano ochepa. Limafufuza n'kupereka maganizo ake kwa olemba ntchito apolisi kapena kwa mkulu wozenga milandu ya boma, koma silizenga lokha mlandu. Pa imfa, wotola zipolopolo, wolemba maumboni ndi woperekeza mtembo kwa dokotala amakhala wapolisi, mnzake wa woomberayo, mwinanso woyandikana naye nyumba ku kampu. Ndi anthu angati a ku Kanyama, dera la anthu oposa theka la miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, amene angakulozereni kumene kuli ofesi ya bungweli?

Sindikuiwala konsitebo. Nthawi zambiri nayenso ndi mwana wa komboni, wochita lendi chipinda chimodzi pakati pa anthu omwe amawagwira. Amaikidwa pa kapolisi ka zipinda ziwiri usiku, alibe galimoto, alibe chishango, chimene wapatsidwa ndi AK-47, mfuti ya kunkhondo. Khamu likabwera ndi miyala, chida chake n'chimenecho basi. Amene anamutuma motero, ndi amene anamuuza kuti msonkhano wa chipani chakuti usachitike zivute zitani, sakhalapo pamene mfuti ikulira. A Lungu anali phungu wa Chawama asanakhale mtsogoleri wa dziko, ndipo Mapenzi anafera ku Chawama komweko. A Hichilema analowa m'boma mu Ogasiti 2021 atalawa okha utsi ndi chitokosi, akulonjeza kuthetsa ulamuliro wa makada m'misika ndi m'masiteshoni ndi kuchotsa Public Order Act. Otsutsa a lero akudandaula za kuletsedwa misonkhano ndi mawu omwe aja ankadandaula nawo a UPND. Akuluakulu a polisi amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo aliyense wolowa ku State House amapeza kuti chida chimene ankachida chija n'chokoma m'manja mwake.

Pa 23 Disembala 2022, zaka ziwiri ndendende chifere Nsama ndi Joseph Kaunda, a Hichilema anasaina lamulo lochotsa chilango cha imfa m'malamulo a milandu. Munthu anali atanyongedwa komaliza mu 1997. Lero jaji wa khoti lalikulu, atamva mboni zonse kwa miyezi, sangalamule kuti wakupha mnzake aphedwe. Koma konsitebo wa zaka 24, mumdima wa kanjira ka ku Kalingalinga, angathe kugamula zimenezo m'kuphethira kwa diso, ndipo m'mawa mwake nkhani n'kutha ndi chikalata cha ndime zitatu.

Mlandu suola, ndipo komboni imasunga mayina. Gawo 12 lidikire riferendamu ina, koma gawo 24 silifuna riferendamu. Nyumba ya malamulo ingathe kulikonza kuti mfuti ikhale yoteteza moyo wokha, kuti imfa iliyonse ya m'manja mwa apolisi, ya loya kapena ya janki, ifufuzidwe ndi anthu osavala yunifomu ndi kumvedwa pa khoti poyera, ndi kuti chaka chilichonse dziko liuzidwe kuti apolisi apha anthu angati ndipo apolisi angati aphedwa. Inu a ku Kanyama, Matero, Chawama ndi Munali, aphungu anu akadzabwera ndi zitenje kudzapempha voti, afunseni za gawo 24.